Si tonse tinayenda opanda nsapato

Kuno kwathu munthu amalowa yunivesite ndi mapointi. Ukalemba mayeso a MSCE amatenga maphunziro 6 amene wakhoza bwino, Chingerezi chili momwemo, n'kuwonkhetsa. Wa mapointi 6 ndiye katswiri, wa 14 amadikira dzina lake mtima uli m'mwamba, wa 30 amayambiratu kufunsa za makoleji ena. Bungwe la NCHE likamatulutsa mayina a opita ku mayunivesite a boma silifunsa zimene umaganiza ukagona kapena ntchito imene umagwira pakhomo. Njirayi ili ndi zofooka zake, koma siikakamiza munthu kuti adzifotokoze.

Mafomu ochokera kunja ndi ena. Mayunivesite oposa 1,000, ambiri mwa iwo a ku America, amalandira ophunzira kudzera pa fomu imodzi yotchedwa Common Application, imene imatsegulidwa pa 1 Ogasiti chaka chilichonse. Pafomupo pali malo oti ulembe chimangirizo chonena za iwe mwini, mawu osachepera 250 koma osapitirira 650. Amakupatsa mitu 7 yoti usankhepo, ndipo womalizawo umakumasula kuti ulembe chilichonse chimene ukufuna. Ku Britain fomu ya UCAS imapereka malo a zilembo 4,000, ngakhale iwo amafuna kumva kwambiri za phunziro limene ukufunsiralo. Masikolashipu onga a Mastercard Foundation, amene amalipirira ana a mu Africa pa Ashesi ku Ghana, pa Makerere ku Uganda ndi kwina, nawonso ali ndi mafunso a mtundu womwewu. Mafomu amenewa masiku ano amazungulira m'magulu a WhatsApp a achinyamata a mpingo, choncho ambiri a ife tili ndi mng'ono kapena msuweni amene akulimbana nawo, kaya ndife tomwe tikuganiza za digiri yachiwiri.

Aliyense amene watsegula fomu yotere amakakamira pamalo amodzi: ndilembe za chiyani? Yankho silichedwa. Limachokera kwa achimwene amene anayesapo, kwa anzake, nthawi zina kwa aphunzitsi amene. Lemba za umphawi, azungu amakonda zomvetsa chisoni.

Pa tchuthi chapitachi ndinawerenga zimangirizo zisanu ndi chimodzi za achinyamata a kumpingo kwathu. Anandipempha kuti ndiwakonzere Chingerezi, poti kumeneko amanditchula kale kuti aphunzitsi ngakhale choko sindinayambe kuchigwira kwenikweni. Zisanu mwa zimenezo zinali nkhani imodzi yovala mayina osiyana. Wolemba anabadwira m'mudzi wosauka wa m'dziko losauka. Ankayenda mtunda wautali wopanda nsapato popita kusukulu. Ankawerenga ndi koloboyi mpaka maso kufiira. Tsiku lina wachibale anamwalira chifukwa chipatala chinali kutali, ndipo kuyambira tsikulo anatsimikiza mtima zodzakhala dokotala. M'ndime yomaliza akulonjeza kuti adzabwerera kudzatukula dera lake. Ana amenewa ndimawadziwa. Awiri anakulira m'nyumba za aphunzitsi, zamagetsi. Mmodzi bambo ake ali ndi chigayo.

Sindikuwaseka, chifukwa ndikudziwa kumene anazitenga. Kuyambira kupulayimale tinaphunzitsidwa kuti mutu wa chimangirizo umachokera kwa mphunzitsi. Tsiku limene sindidzaliiwala. Kuipa kodula mitengo mwachisawawa. Uyambe ndi mawu otsogolera, ubwere pa thunthu, utseke ndi mwambi. Wochonga ali ndi mfundo zake papepala, ndipo wopatuka panjira amataya malikisi. Tinazindikira msanga kuti chimangirizo chotetezeka ndi chofanana ndi cha amene anakhoza chaka chatha, mpaka ena ankachita kuloweza. Patatha zaka 12 za moyo umenewu, fomu ikubwera n'kunena kuti tsopano lemba chimene wina aliyense sangalembe.

Chifukwa chachiwiri n'chakuya kuposa apa. Kwathu mwana wokonda kunena za iye mwini ndi wamatama. Ukakhoza mayeso umati ndi chisomo, ukaphika bwino umati ndiwo zake ndi zimene zinali zabwino. Pali nkhani imodzi yokha imene mwana woleredwa bwino amaloledwa kunena kuti "ine" kakhumi popanda womudzudzula, ndiyo ya mavuto ake. Ngakhale umboni umene timapereka pa mapemphero a Lachitatu madzulo uli ndi chikombole chake: ndinali pamavuto, ndinapemphera, Mulungu anayankha. Umboni wotere ndi wabwino pamalo ake. Koma munthu amene moyo wake wonse wamva anthu akudzifotokoza m'njira imodzi yokhayi, akamuuza kuti afotokoze za iye mwini amathamangira kufunafuna vuto lalikulu, ndipo likasowa amabwereka.

Tisawanamizirenso alangizi athu aja, pakuti zimene amanena zili ndi phata. Chimangirizochi sichinabadwe ndi mbiri yoyera. Jerome Karabel, m'buku lake la 2005 lotchedwa The Chosen, anaonetsa kuti m'zaka za m'ma 1920 mayunivesite a Harvard, Yale ndi Princeton anayamba kufufuza za khalidwe ndi chiyambi cha ofunsira malo pofuna, mwa zina, kuchepetsa chiwerengero cha Ayuda amene ankakhoza kwambiri mayeso. Posachedwapa, pa 29 Juni 2023, khothi lalikulu la ku America linaletsa mayunivesite kusankha ophunzira poyang'ana mtundu wawo, koma linasiya khomo lakuti wofunsira malo angathe kulemba yekha mmene mtundu wake wakhudzira moyo wake. Zoti owerenga kumeneko amafuna kudziwa kumene munthu wachokera ndi zoona. Mutu umodzi mwa 7 ija umafunsadi za chopinga chimene unakumana nacho.

Koma taonani zinthu ziwiri. Choyamba, kusowa kwa ndalama kuli ndi malo akeake. Amene akupempha thandizo amadzaza mafomu ena onena za zimene makolo amapeza, ana amene ali pakhomo ndi katundu amene banja lili naye. Umphawi ukakhala weniweni, amauona pamenepo ndi manambala. Chachiwiri, mu 2020 a Common Application anawonjezera kabokosi kapadera ka mawu 250 koti munthu afotokozemo mmene COVID-19 inamusokonezera, kuti chimangirizo chachikulu chija chisadzaze ndi mliri. Chimene chagwera aliyense sichingasiyanitse munthu ndi mnzake. Amene akuwerenga chimangirizo cha mwana wa ku Ntcheu wawerenga kale m'mawa womwewo cha wa ku Kenya, wa ku Ghana ndi wa ku Nepal, ndipo koloboyi uja wamupeza monsemo.

Anzanga akafuna kunditsutsa amatchula William Kamkwamba. Amati si uyo anatchuka ndi nkhani ya njala? Njala ya 2002 inalidi yoopsa, ndipo iye anasiyadi sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi. Koma ana amene anasiya sukulu chaka chimenecho ku Kasungu kokha anali ochuluka, ndipo mayina awo sitiwadziwa. Chimene chinamufikitsa mnyamata wa ku Wimbe uja pa msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, kenako ku African Leadership Academy ku Johannesburg, mpaka kumaliza pa Dartmouth mu 2014, ndi zimene anachita ndi buku la mulaibulale, njinga yakutha, fani ya thirakitala, mapaipi apulasitiki ndi mitengo ya bulugama. Njala inagwera onse, koma makina amphepo opanga magetsi aja anali ake. Tikamatengera nkhani yake timatola njalayo n'kusiya makinawo.

Mmodzi mwa asanu aja ndi msuweni wanga, mwana wa azakhali, amene akufuna kukaphunzira za chuma. Poti ndi msuweni, ndinatha kumufunsa mosabisa.

"Iwe, nsapato unayamba kusowa liti? Si iwe unkalirira zoyera za Mapathfinder?"

"Nanga ndilembe chiyani, asuweni? Ine palibe chinandichitikirapo."

Mawu amenewa ndawamva kwa anthu ambiri, ndipo amaulula pamene pagona vuto. Timaganiza kuti mutu wa chimangirizo ndi chinthu chimene chinatichitikira: ngozi, maliro, chigumula. Ndinasiya kumufunsa zimene zinamuchitikira n'kuyamba kumufunsa zimene amachita. Lamlungu masana umakhala kuti? Ndi ntchito iti imene pakhomo amati dikirani abwere uje? Ndi chiyani chimene ungandifotokozere kwa ola lathunthu osayang'ana m'buku? Anayankha monyinyirika, ngati chinthu chochititsa manyazi, kuti Lamlungu lililonse amalemba kabuku ka banki mkhonde ya amayi ake.

Anayamba ali Fomu 1, pamene mlembi wa gululo anasamuka ndipo amayi enawo anati mwana wa sukuluyu ndiye atithandize. Nditamupempha kuti andifotokozere mmene zimayendera, mtsikana amene ankati alibe nkhani uja anayankhula mpaka nsima inazizira. Amayi amagula masheya sabata iliyonse, aliyense monga mwa mphamvu zake. Ndalama zimakhala m'bokosi la maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi alibe kiyi ngakhale imodzi. Pali kathumba kena ka zadzidzidzi, ka matenda ndi maliro, kamene sikabala chiwongoladzanja. Wochedwa kumsonkhano amalipira chindapusa. Wobwereka amabweza ndi 20 kwacha pa 100 kwacha iliyonse pamwezi, ndipo mu Disembala amaphwanya bokosi n'kugawana molingana ndi masheya, kuti aliyense agule feteleza ndi za sukulu.

Kenako anafika pa tsiku lina. Mayi wina anabwereka K50,000 yoti akaodere tomato, koma ndalamayo inathera kuchipatala mwana atadwala. Lamulo la gulu linali loti ngongole ikapanda kubwezedwa, chiwongoladzanja chimaphatikizidwa ku ngongoleyo n'kuyamba kubala nachonso. Mwezi woyamba inafika K60,000, wachiwiri K72,000, wachitatu K86,400. Pa mwezi wachinayi msuweni wanga, ali ndi zaka 15, anayenera kuimirira pamaso pa amayi a msinkhu wa amayi ake n'kuwerenga mokweza kuti K103,680. Masamu amenewa anali atawaphunzira m'kalasi chaka chomwecho, ndipo m'kalasi anali okoma. Pakhondepo anatanthauza kuti gulu likatenge mbuzi ya mayi uja. Anawerenga nambalayo, pakuti inali yoona, koma sabata yotsatira anabwera ndi pepala loonetsa kuti gulu likaimitsa chiwongoladzanja pa mwezi wachitatu kwa munthu amene wagwa m'matenda, phindu la aliyense pogawana lingatsike ndi ndalama zingati. Amayi anakangana masabata awiri. Ena ankati lamulo likafewa aliyense azidwala. Mapeto ake anasintha lamulolo ndi mavoti ochepa.

"Koma zimenezi azungu angazimve?" anandifunsa. "Si za kumudzi izi?"

Ndinamuyankha kuti za nsapato zija n'zakumudzinso, kusiyana kwake n'koti izi ndi zake. M'nkhaniyi muli zonse zimene amafuna kuonetsa: kuti amakonda manambala, kuti anthu amamukhulupirira, kuti amadziwa moyo wa anthu osowa. Umphawi ulimo, koma sakuchita kuupachika pakhomo ngati chikwangwani. Ndipo sakufunika kulemba chiganizo chakuti ndine mtsogoleri, chimene ndinachipeza m'zimangirizo zonse zisanu.

Pali mbali ina imene ife a Sabata sitiyenera kuidumpha. Lamulo lachisanu ndi chinayi timaliloweza tili ana, koma tikafika pa fomu ya sikolashipu timayamba kulipezera zifukwa: aliyense amatero, ndangokometsera pang'ono, ndalama zake n'za azungu. Pamapeto pa fomuyo pamakhala malo otsimikizira kuti zimene walemba ndi zoona ndiponso ndi ntchito yako, ndipo yunivesite ikazindikira bodza ingathe kukulanda malo. Koma ine chimene chimandiwawa kwambiri si kugwidwako. Bodza la m'chimangirizo chotere limagwera makolo. Bambo amene anagulitsa chimanga chaka ndi chaka kuti mwana wawo asasowe nsapato, mwanayo akuwalemba kwa alendo a kutsidya kwa nyanja ngati munthu amene analephera kumuveka. Lamulo lachisanu nalonso lili pomwepo. Muyeso umene ndinawapatsa achinyamata aja ndi wosavuta: chimangirizo chako uchimasulire m'Chichewa, ukhale pansi ndi amayi ako, uwawerengere. Pamene ukufuna kudumpha mzere, pamenepo pali nkhani.

Sindikunena kuti amene anavutikadi abise. Pakati pathu pali ana amasiye, pali amene anataya abale ndi nyumba pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Ngati akufuna kulemba zimenezo, ufulu ndi wawo, ndipo adzalemba zinthu zimene wobwereka nkhani sangazidziwe. Koma nawonso asakakamizidwe. Munthu amene chilonda chake sichinapole ali ndi ufulu wolemba za mpira kapena za ulimi wa nkhunda, osaika maliro a amayi ake pa sikelo ya anthu osawadziwa.

Nanga za chikhulupiriro? Ambiri amandifunsa ngati n'koyenera kulemba za Sabata. Palibe choletsa. Vuto n'loti tikangoyamba kulemba za mpingo timasanduka alaliki, ndipo mawu 650 amathera pa kufotokoza chiphunzitso, wolembayo osaoneka. Chimangirizo chachisanu ndi chimodzi chija, chimene chinali chosiyana ndi zinzake kuchokera pachiyambi, chinali cha mnyamata amene amamasulira maulaliki. Pa msonkhano wa misasa, mlaliki wochokera kunja ananena za kuyera kwa chipale chozizira chimene chimagwa kwawo m'nyengo yachisanu. Mnyamatayo ankadziwa kuti Buku Lopatulika limagwiritsa ntchito mawu akuti matalala. Ankadziwanso kuti kwa alimi amene anakhala pamphasa kutsogolo kwake, matalala ndi amene amang'amba masamba a chimanga, ndipo palibe amene amawalakalaka. Anali ndi kamphindi kochepa, maikolofoni ili pakamwa. Anati ufa woyera. Pambuyo pake mkulu wa mpingo wina anamuitanira pambali n'kumufunsa kuti anamupatsa ndani mphamvu yosintha mawu. Chimangirizo chonse chinali kulimbana ndi funso limenelo, ndipo sanalimalize mwaukatswiri; anavomereza kuti mkuluyo anali ndi mfundo. Sabata, misasa ndi Baibulo zinalimo zonse, koma amene ndinamuona ndi mnyamata akuganiza.

Za mapulogalamu a pafoni amene amakulembera chimangirizo ndinene mwachidule. Amasanja Chingerezi bwino, koma amatola zimene anthu ambiri analemba kale n'kukupatsa zapakatikati. Za bokosi la maloko atatu la pakhonde la azakhali anga sangazidziwe pokhapokha utawauza, ndipo ukafika powauza ndiye kuti mutu waupeza kale wekha. Davide anayesa zovala zankhondo za Sauli, zinali zabwino ndithu, koma anazivula chifukwa sanazizolowere. Chimangirizo chobwereka chimaonekera pa tsiku la intavyu, akakufunsa kuti tafotokoza bwino za ndime yachitatuyi.

Ife amene tikuphunzira za uphunzitsi nkhaniyi ikutikhudza kuposa ena. M'kalasi timawerenga buku la Ellen White la 1903 lotchedwa Education, ndipo tonse tingathe kubwereza mfundo yake yoti sukulu iphunzitse achinyamata kuganiza paokha. Pa mayeso timailemba bwinobwino, mofanana tonse. Ndikadzapatsidwa kalasi yanga silabasi sindidzaithawa, ana ayenera kukhoza MSCE. Koma ndikuganiza zoti kamodzi pa mwezi ndizidzawapatsa ntchito yopanda mutu: lemba tsamba limodzi lofotokoza chinthu chimene umadziwa kuchita, chimene ine mphunzitsi wako sindichidziwa. Kuotcha njerwa, kukonza tcheni cha njinga, kusankha mbatata yabwino pamsika, kutonthoza mwana wa mchemwali wako. Ambiri mwa ana amenewo sadzadzaza fomu ya ku America, ndipo sizidzafunika kutero. Ndikungofuna kuti pofika Fomu 4 asadzanene zimene ananena msuweni wanga, zoti palibe chinawachitikirapo.

Iye analemba chimangirizo chake kanayi. Atamaliza tinakhala pakhonde ndi azakhali, iye akuwerenga Chingerezi chiganizo chimodzichimodzi n'kumamasulira. Sanadumphe mzere. Azakhali anamvetsera mpaka kumapeto, akusenda nandolo, kenako anati za tomato zija zichoke chifukwa aliyense wa m'mudzimo angadziwe kuti akunena ndani.

"Amayi, zimenezi akawerengera ku America," anatero msuweni wanga.

"Ngakhale ku America. Ulembe kuti geni basi. Komanso waiwala kunena kuti mbuzi ija sitinaitenge."

Mawu anali atakwana kale 648. Tinakhala mpaka dzuwa kulowa tikufunafuna chiganizo choti tichotse kuti mbuziyo ipeze malo.